Dashibodi ya Amalume ndi Beseni la Achemwali

Mpaka lero ndikamva hutala ya galimoto ikulira mosalekeza, ndimayamba kuyang'ana kothawira. Anzanga amati ndi nkhani yoseketsa. Asiyeni aseke, si iwo analuza mkazi.

Amalume anga a ku Kawale ali ndi chigalimoto chakale chomwe anagula kwa azungu ena oyendayenda. M'kati mwake muli bedi, kasinki ndi makatani, moti ana a kwathu amachitcha loji. Chiwongolero chake chili kumanzere. Amalume amachikonda kuposa mmene amandikondera ine, ndipo sabisa.

Loweruka la sabata yomwe zinachitika izi, amalumewo amayenera kukandilankhulira kwa makolo a Tiwonge, chibwenzi changa, ku Area 25. Anthu akumpoto, atchalitchi, aulemu wawo. Zoti sukulu ndinaithawa ndili Fomu 1 sanadandaule nazo. Chimawavuta chinali mbiri yoti ndine wamtima wapachala. Amalume anali atawatsimikizira kale kuti mwanayu anasintha, pano ndi nkhosa.

Popita ku maliro ku Dedza anandisiyira makiyi kuti ndichitsuke. Ndinatsuka bwinobwino, koma pofuna kuchisuntha chinakana kulira. Ndinayesa, ndinachinyengerera, ndinayesanso. Kenako nkhosa ija inamenya dashibodi chibakera. Pulasitiki yoti yakhala ikupsa ndi dzuwa kuyambira ndisanabadwe inangoti phwa! Mng'alu kuchokera pa wailesi mpaka pa chiwongolero. (Chitatero chinalira kamodzin'kamodzi. Ngati si ufiti ndi chiyani?)

Ndinayamba ndi supagulu ndi soda. Zinagwirana ndi zala zanga zokha. Ndiye ndinapita ku Biwi kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto akufa, kukafuna dashibodi ina.

"Ya chiwongolero chakumanzere?" anafunsa mkulu wina wa ovolosi, akutafuna mzimbe. "Aaa, imeneyo mukafunse kwa eni ake ku Ulaya, bwana. Ya thiransipoti muli nayo?"

Gulu lonse linaseka. Ndinamugwira pakolala (pang'ono chabe, mongomufotokozera), anzake n'kundiperekeza ndi masipanala mpaka kumsewu.

Pobwerera ndinakumbukira azibambo omata zidebe aja, amene amaika chitsulo pamoto n'kusungunulira kachidutswa ka pulasitiki pamng'alu. Ndinawaonapo kambirimbiri, chovuta n'chiyani? Ndinakoleza mbaula, n'kuikapo mpeni wakale. Pulasitiki yomatira ndinaicheka m'mphepete mwa beseni labuluu la achemwali anga, amene ndimakhala nawo.

"Iwe, beseni langa latani?"

"Makoswe, achemwali."

"Makoswe a ku Kawale ayamba kuyenda ndi mipeni?"

Ntchito inali itafika pokoma. Kungoti penapake mpeni unalowa kwambiri, kunsi kwake n'kutuluka kautsi ka fungo lachilendo. Ndinakauzira, kanatha. Pamwamba ndinapaka polishi wakuda wa nsapato, ndipo kunena zoona, ukaima patali utatsinzina diso limodzi, sungadziwe kanthu.

Loweruka amalume anakwera atavala suti, azakhali atakhala pabedi kumbuyo. Woyendetsa ndinali ine.

"Mukununkha chiyani muno?"

"Mankhwala otsukira, amalume. Amakono."

"Chabwino. Tikafika iwe ukhale m'galimoto momwemuno. Usalankhule. Ngakhale chifuwa chikugwire, umeze."

Tinafika. Pakhonde panali akuluakulu a kwa Tiwonge atakhala pamipando, majekete ali pathupi, amayi ali pamphasa. Ndinachepetsa liwiro mwaulemu wonse. Nditangokhotetsa chiwongolero kuti ndilowe pageti, hutala inayamba. Osati ka pipii ka moni ayi, koma kulira kwa ng'ombe yomwe yaona mpeni.

"Siya iwe! Ukutichititsa manyazi!"

"Si ine, amalume!" Ndinakweza manja onse m'mwamba kuti aone.

Ndinazimitsa injini, inkalirabe. Ndinazula kiyi, inkalirabe. Agalu anayamba kuuwa, ana anadzaza pageti, amayi ena oyandikana nawo nyumba anayamba nthungululu poganiza kuti ukwati wafika. Pawindo la nyumba ndinaona Tiwonge atagwira kukamwa.

Pamenepo magazi anakwera kumutu. Ndinalowetsa zala pamene ndinamata paja n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, uku ndikuchitukwana chigalimotocho, kutchula amake ndi agogo ake omwe, mawu oti sindingalembe pano. Dashibodi inazuka ndi mawaya ake. Hutala inangoti zii. Koma ine ndinali ndisanamalize, ndipo mawu omaliza aja, aakulu kwambiriwo, anatuluka okha pabwalo lachete, mawindo ali otsekula.

Ngakhale agalu anasiya kuuwa. Amalume anayang'ana pamiyendo pawo, pomwe panagwera chipulasitiki chakuda kunja, chabuluu m'kati.

Abambo aakulu a Tiwonge anadzuka, n'kubwera pang'onopang'ono mpaka pawindo la amalume.

"Mwana wofatsa munkanena uja ndi ameneyu?"

"Ee... ndi yemweyu, bambo."

"Musavutike kutsika. Walankhula kale yekha, ndipo tamumva."

Pobwerera azakhali anafunsa ngati ku Kawale kulinso asing'anga. Tiwonge ananditumizira uthenga umodzi wokha pafoni: "Pulasitiki yosayankha waitero. Nanga ine wapakamwane?" Kuyambira pamenepo nambala yake simalowa. Amalume samandiyankha moni, ndipo achemwali anandilamula kuti ndizisambira m'chigubu chodulidwa pakati.

Aliyense akundiuza phunziro lomwe ndiyenera kutolapo. Ine phunziro ndatola ndi limodzi: musanaike mpeni wamoto pa dashibodi, yambani mwasuzumira kunsi ngati kukudutsa mawaya. Zinazo zoti vuto ndi mtima wanga, amene akunena zimenezo abwere adzandiuze pamaso.