Madzi a Mana Rozita ndi Chifuwa cha Apongozi

Anzanga, musandiseke ndisanamalize, ndadziseka kale ndekha mokwana. Mana Rozita, akulu anga, anabwera kudzachirira kwathu ku Domwe, ndipo atatuluka m'chikuta amayi anandipatsa ntchito imodzi yokha: kuwiritsa masamba a gwafa ndi a mango, kuthira kamchere, kutsanulira m'basiya wofiira, madzi akafika pofunda mana azikhalamo kuti zilonda za uchembere zipole msanga. Ntchito yovuta kodi? Ayi ndithu. Koma ndine Lusiya ine, amene ndimapita kumjigo n'kubwerako ndi ndowa yopanda madzi chifukwa choyang'ana mitambo.

Tsikulo amayi anali kudimba kukumba kachewere, kunja kukuzizira koti zala kuuma. Ndangotsanulira madzi aja pakhonde, nthunzi ili tolotolo, ine ndili kutali, ndikudziona ndine namwino wovala zoyera ku Ulongwe, ndinangomva, “Odi kuno!” Kucheuka, apongozi ake a mana, bambo a mlamu wanga Zuze, atsamira njinga, achokera ku Fonte Boa kudzaona mdzukulu. Akazi awo anali atatsalira pamsika kugula sopo wa mwana.

Ndinagwada, tinapatsana moni, koma maso awo ali pabasiya. “Nanga awa ndi mankhwala a chiyani, mwanawe?”

Tsono inu mukanati chiyani? Kuuza munthu wamwamuna, waimvi, mpongozi, kumene madzi aja amapita? Mutu wanga uno, umene umamasula zilape zonse za agogo, ena asanakande n'komwe kumutu, unangoti zii. Pakamwa panayankha pokha: “Ndi a chifuwa, bambo.”

“Mulungu ndi wamkulu!” anatero, n'kutsokomola kawiri kuti ndikhulupirire. “Sabata yathunthu sindikugona ine. Tanditengera bulangete.”

Ndikanathawa pomwepo, koma miyendo yanga yaulemuyi inakatenga bulangete. Bambo aja anagwada, kudzifunditsa, nkhope m'basiya, basiya yemweyo amene mana akhala akukhalamo masiku asanu! Ndimamutsuka ndithu, ndi phulusa lomwe, koma basiya ndi yemweyo.

M'nyumba mana anayamba kuitana, mawu akumveka ululu. “Lusiya! Madzi aja sanapole?”

“Akadali pa ntchito, mana!”

“Ntchito yanji?”

Ndinangopempha mumtima kuti khonde ling'ambike ndilowemo. Bambo anavundukuka thukuta lili kamukamu, akumwetulira ngati achoka kolapa. “Mphuno zatseguka! Tsopano bweretsa kopo, mankhwala abwino safuna kungonunkhiza.” Amayi ine! Ndinayesa kunena kuti ndi owawa, iwo amvekere owawawo ndiwo ochiza. Ndinati muli mchere, amvekere mchere umatsuka kukhosi. Nditawapatsa kopo yomwera ija, anatunga m'basiya momwemo, kumwa, kubwereza, kenaka n'kutulutsa garafa, botolo lopanda kanthu, m'thumba la njinga kuti atengereko mnzawo wa kwaya amene mawu anamuthawa.

Garafa ili pakati kudzaza, akazi awo anatulukira ndi mtolo pamutu. Mayi aja anayang'ana masamba, anayang'ana basiya, anayang'ana ine, kenaka amuna awo ali chigwadire ndi bulangete paphewa. Anatula mtolo pang'onopang'ono, manja m'chiuno.

“Bambo a Zuze, kodi mwachira liti, ife osamva? Mwana wake ndi wamwamuna kapena wamkazi?”

M'nyumba munaphulika phwete. Mana akuseka uku akulira, “Musandiseketse, chonde, zilonda!” Bambo aja anayang'ana kopo nthawi yaitali, anaimirira, anapinda bulangete bwinobwino, nati, “Nenani zonse, mayi, koma chifuwa chatsika.” Mnzawo wa kwaya ndiye anapulumuka, garafa inakhuthulidwa kuseri.

Ndinawiritsa madzi ena, apongozi aakazi anandithandiza okha kuthyola masamba akupukuta misozi, ndipo mana pano akuyenda bwinobwino, mwana ali kumsana. Unamwino sindinausiye, ndidzavala zoyera ndithu. Koma ndalumbira: mwamuna akadzandifunsanso kuti mankhwala awa ndi a chiyani, ndidzati ndi ophera mbozi m'chimanga.