Madzi a Kwathu ndi Kachipangizo Kopanda Ulemu

Anzanga, ndasankhidwa! Ine ndemwe, Tadala wa Form 3B, ndikukaimira sukulu yathu ku Science Fair mawa! Koma njira imene ndadutsa kuti ndifike apa ndi ya manyazi okhaokha. Ndikuuzeni ndekha, asanakuuzeni ena mokometsera.

Lolemba kunabwera asisi ena a ku yunivesite atanyamula kachipangizo kangati foni ya mabatani. Akuti ndi biosensor. M'kati mwake amaikamo kapepala kopakidwa mapuloteni amene amagwira tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso. Ukadonthezapo madzi, kakayaka green ndiye kuti ali bwino, kakayaka red ndiye kuti muli mapulasitiki.

Madam anati aliyense abweretse madzi m'botolo lagalasi, ndipo amene zotsatira zake zidzatiphunzitse kanthu ndiye apite ku Fair. Malo amodzi okha!

Shamira, mnzanga wa desiki imodzi, anati akatunga mumtsinje wa Nasolo. Ine ndinaseka.

"Iwe bweretsa zonyansa zakozo. Ine ndibweretsa a pampopi wa kwathu, muone green weniweni."

Paja pa Ndirande ponse palibe nyumba yotsuka ziwiya kuposa ya amayi anga.

Lero ndiye linali tsiku loyesa. Madzi a Shamira anali abulawuni, kafungo kali guu. Kachipangizo kanaganiza kaye, kenako kanayaka red wofooka. Kenako anga, oyera mbee. Dontho limodzi basi: pii! pii! pii! Red wa magazi!

"Kawonongeka aka," ndinatero.

Asisi aja anasintha kapepala n'kuyesanso. Pii! pii!

"Ndiye ndi batire."

Anayesa ndi madzi a mu labu. Green, kali phee.

"Shamira, wasintha mabotolo iwe!"

"Iii, undisiye! Langa lili ndi kachule m'kati, sukukaona?"

Kalasi yonse inayamba kuimba pii pii. Ndinapsa mtima.

"Madam, mwina linalowa fumbi panjira. Ndiloleni nditsukenso."

Ndinathamangira ku mpopi wa panja, onse ali pambuyo panga. M'chikwama ndinali ndi chisaka cha amayi chotsukira mbale, chomwe ndinatsukira botololo m'mawa n'kulikulungiramo kuti lisasweke. Ndiye ndinakwecha, anzanga! M'kati, kunja, kukamwa, mpaka dzanja kuwawa. Ndinatsukuluza kamodzi, ndi kudzaza madzi.

"Yesani tsopano," ndinatero, dzanja lili m'chiuno.

Kanalira ngati ambulansi!

Asisi aja anatola chisaka chija ndi zala ziwiri n'kuchiyang'anitsitsa padzuwa. Timaulusi tinali kuyoyoka tokha.

"Achemwali, ichi munadula ku chiyani?"

"Ku thumba la feteleza. Aliyense amatsukira chomwechi."

"Nanga thumba la feteleza amapangira chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa.

"Pu... pulasitiki."

Kuseka kwake! Shamira anachita kukhala pansi penipeni, misozi ili chuchuchu. Ndinalakalaka ndilowe m'botolo momwemo ndidzitsekere.

Koma asisi aja sanaseke. Anatunga madzi pampopi womwewo m'botolo lawo n'kuyesa. Green! Kenako anatembenukira kalasi.

"Amene kwawo amatsukira mbale chisaka akweze dzanja."

Kuseka kunatha. Manja onse m'mwamba, ndi la Shamira lomwe. Pomaliza Madam nawonso anakweza lawo, pang'onopang'ono, akuyang'ana kumbali.

"Mwaona?" anatero asisiwo. "Za mumtsinje tonse timazidziwa kale. Mtsikanayu watipezera za m'mbale zathu zodyera."

Madam anatsokomola kaye. "Tadala, ukupita ndiwe. Ukachite zomwezi pamaso pa majaji, koma osakanamizirako batire."

Ndathamanga njira yonse mpaka kunyumba, nsapato zili m'manja.

"Amayi, ndasankhidwa! Ndikupita ku Fair!"

"Zikomo, mayi wasayansi. Nanga chisaka changa chili kuti?"

"Achiika mu envelopu. Alembapo Exhibit A."

Amayi anandiyang'ana, anayang'ana mulu wa mbale, n'kundiyang'ananso.

"Chabwino. Uzitsuke ndi sayansi yakoyo."

Ndaphunzirapo kuti nthawi zina chodetsa ndi chotsukira chomwecho.

Ndiye mawa osajomba! Bwerani nonse ku holo ya Fair nayini koloko, mudzaone mtsikana woyamba pa Ndirande kuomberedwa m'manja chifukwa chokwecha botolo!