Ndinakomokera pa Miyendo ya Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la sipiriti wa kuchipatala, mawondo anga amayamba kufunafuna pokhala. Ana anga amayesa ndi ukalamba. Ayi, zinayamba ndili mnyamata wa tayi, titangolowa kumene m'matipate, tsiku limene Chingerezi changa chinatsala pang'ono kusamutsa apongozi anga pamudzi pawo.

Ndinali mphunzitsi, ndipo ndinkakhala chikamwini kwa Mwadzama. Apongozi anga, aNabanda, anali mayi wa mpunga, tambala akalira ali kale kudimba. Koma chaka chimenecho anayamba kudandaula dzanzi m'mapazi, ndipo ankaiwalaiwala. Tsiku lina anapsereza ndiwo ali pomwepo, tsiku lina anafika kudimba opanda khasu. Alamu anga a ku Lilongwe atamva, anagamuliratu kuti mutu wa amayi wasokonekera, apite kutauni akawasunge. Amayiwo anayankha kudzera mwa mkazi wanga: "Ndisiye dimba langa ndi manda a bambo anu? Kumeneko ndikangofikira kufa."

Tinamva kuti ku Boma kwabwera dokotala wachizungu woona okalamba. Ankatenga magazi kuti aone ngati mitsempha ikuwonongeka ndi chimene chikuiwononga, ndiponso ankafunsa mafunso oyesa ngati mutu ukugwira. Tinagwirizana kuti chimene anene dokotalayo ndi chomwecho. Mkazi wanga anali woyembekezera, masiku atatha, choncho wowaperekeza ndinali ine.

(Kwa inu okulira m'tauni: kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso ndipo sachezerana. Ukawaona akubwera umapatukira m'tchire ngati wataya chinthu. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo, msana wawo ndinkaudziwa bwino kuposa nkhope.)

Pamatola iwo anakhala kutsogolo, ine ndinalendewera kumbuyo, ndipo zonse zinayenda mwaulemu. Tsoka linandipeza pakhomo la dokotala. Nesi anali wokonzeka kumasulira, koma ine ndinakonza tayi n'kunena kuti, "Musavutike, asisitala, ine ndine mphunzitsi." Mzungu weniweni ndinali ndisanalankhulepo naye, ndiye mwayi woterewu ndikanausiya bwanji?

Nditangolowa, apongozi anatembenuzira mpando kukhoma, n'kukokera chitenje kumutu.

"Amayi, akuti dzina lanu ndani?" ndinafunsa ndikuyang'ana nsapato zanga.

Zii. Dokotala, mayi wamtali wa maso achifundo, anafunsa ine. Apo m'pamene ndinazindikira kuti dzina lawo la ubatizo sindilidziwa, poti mkamwini angalitchulire kuti? Anawapatsa zinthu zitatu zoti asunge m'mutu: nkhuku, bwato, mchere. Patapita kanthawi ndinawafunsa ngati akuzikumbukira, ndipo iwo anauza khoma kuti, "Kaya, bambo." Funso la chaka, kaya bambo. Funso la mtsogoleri wa dziko, kaya bambo. Cholembera cha dokotala chinkangoyenda.

Kenako linabwera funso lovuta kuposa onse. Dokotala anati mitsempha ikawonongeka, mkodzo umatha kumthawa munthu, ndiye ndiwafunse ngati zimawachitikira. Ine, kufunsa apongozi za mkodzo? Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinangonena kuti, "Amayi, akuti mbalame zikuvuta kumpunga chaka chino?"

Ndinaganiza kuti ayankha kaya wawo uja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinaiwala kuti ndakhudza mpunga.

"Kwambiri, bambo," anatero, mawu akumveka bwino koyamba. "Usana wonse sindipuma nazo. Ngakhale kutchalitchi ndimatuluka mapemphero asanathe."

Dokotala anandiyang'ana, akudikira. Ndikanaulula pamenepo, koma kuulula kunali kuvomera kuti mphunzitsi wathawa funso. Choncho ndinamasulira yankholo mokhulupirika, m'Chingerezi chosalala (mbalame zokha ndinazisiya). Dokotala anawasisita paphewa, n'kulemba nthawi yaitali.

Anatenga kasingano kuti awabaye pang'onopang'ono m'mapazi ndi m'miyendo, aone ngati akumva. Chitenje chitakwera kufika m'mawondo, ine ndinayamba kuwerenga malata a denga. Apongozi nawo sakanati "mayo" pamaso pa mkamwini, ndiye anangoluma mano, osasuntha ngakhale chala. Dokotala anaika kasingano pansi n'kundiuza motsitsa kuti zikuoneka kuti mitsempha yawonongeka kwambiri ndipo nzeru zatsika. Anati tidikire zotsatira za magazi, koma mayiwa asamakhalenso okha, ndi bwino akhale pafupi ndi chipatala chachikulu.

Chingerezi chimenecho ndinachimva chonse, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kuchidziwa. Mayi amene ankanditumizira mpunga woyamba kupsa chaka chilichonse, ndinali nditawakweza basi ya ku Lilongwe ndi pakamwa panga. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Ndikusanja mawu oti ndiulule, nesi analowa ndi jakisoni wotengera magazi.

"Aphunzitsi, tawagwirani mkono amayi."

Ndinaugwira ndi zala ziwiri ngati mbatata yotentha. Popeza kunkhope sindikanayang'ana, ndinayang'ana jakisoni. Magazi ankakwera pang'onopang'ono, akuda bii, ndipo chipinda chinayamba kupendekeka.

Nditatsegula maso, mutu wanga unali pamiyendo ya apongozi. Ankandikupiza ndi nsonga ya chitenje, nkhope ili kukhoma komwe kuja. Ndinatsekanso maso, ndikupempha Mulungu kuti angonditenga.

"Asisitala," anatero iwo, "abambowa m'mawa sanadye. Aperekezeni panja akapume, ife ticheze."

Ndinakhala pabenchi, tayi ili m'thumba. M'katimo mawu a apongozi ankamveka ngati wailesi, nesi akumasulira. Anatchula dzina lawo lonse, chaka, nkhuku, bwato, mchere. Pa za mtsogoleri anafunsa kuti, "Wakale uja kapena watsopanoyu?" Kenako ndinamva mawu oti "mbalame", ndipo amayi atatu anaphulika kuseka. Dokotala ndiye ankaseka kwambiri.

Zotsatira zitabwera, magazi ananena zoona zimene ine ndinalephera kunena. Anali ochepa, ndipo munkasowa chakudya china chimene mitsempha ndi ubongo zimadalira. Mitsempha inali itangoyamba kukhudzidwa. Dokotala anawalembera majakisoni, dzanzi linachepa, khasu linasiya kuiwalika, ndipo ku Lilongwe sanapite. Analima mpunga wawo zaka zambiri. Za kugwa kwanga sanauze munthu pamudzi (anauza mkazi wanga yekha, amene anauza mudzi wonse).

Kuiwala kwenikweni kunadzafika atakalamba zedi, kuja kosamva jakisoni. Anaiwala njira ya kudimba, kenako mayina a ana awo. Tsiku lina masana ndikudutsa chapatali monga mwa masiku onse, anandiitana ali pakhonde, n'kumenya pamphasa kuti ndikhale pafupi nawo. Anali ataiwala kuti mkamwini sayang'anidwa. Anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinaona koyamba kuti maso awo ndi a mkazi wanga enieni.

"Ndinu yani, bambo?"

"Ndine bambo a Chikondi, amayi. Mkamwini wanu."

Anapukusa mutu, sizinawafike. Anandiyang'anabe, kenako nkhope yawo inamasuka, n'kuyamba kuseka chapansipansi.

"Inu ndi aja munagwa aja." Anandigwira dzanja, osalisiya. "Lero mwadya?"

Ndinati ndadya, amayi. Tinakhala pamphasapo mpaka mthunzi unasuntha.

Chingerezi ndimachionetsabe, khalidwe limenelo lakanika kuchoka. Koma ndikaperekeza munthu wamkulu kuchipatala, ndimadya kaye m'mawa, ndipo ndimatsala pabenchi panja.