Kaseti imene inandiyankhulira pa chinkhoswe

Anzanga mwakhala mukundifunsa kuti bwanji munthu akangoika foni patebulo ine ndimangoti zii, ine yemwe ndimatha kuyankhula kuchokera pa Salima mpaka pa Khombedza osameza malovu. Lero ndikuuzani, koma muziseka mondimvera chisoni, chifukwa bala lake silinapole bwinobwino.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, cha kumapeto kwake, mavidiyo atangofika kumene pa boma la Salima. Ine ndinkakonza njinga pa Senga Bay, koma ntchito imene ndinkadziwika nayo kwambiri, imene palibe anandilemba, inali yoweruza nyimbo. Nyimbo yatsopano ikangolira pa wailesi anthu ankatembenukira kwa ine, kapena ndinene zoona, ndinkayamba kuyankhula asanatembenuke. Iyi woyimba wake ali ndi chimfine, iyi ng'oma ikuthamangira kwawo, iyi anabera ya ku Zaire ndipo anaibera moipa. Gitala sindinagwirepo chibadwire, kutchalitchi anandichotsa m'kwaya mwaulemu, koma zimenezo sizinkandiletsa. Matenda anga aakulu anali akuti sindinkasowa ondimvera. Ngakhale ndili ndekhandekha ndinkayankhula ndi wailesi ngati woyimbayo wakhala m'kati mwake akudikira malangizo anga.

Ndiye ndinapeza mbeta, Esnati, wa kumudzi kufupi ndi Chipoka, ndipo ndinamukonda zenizeni. Tsiku la chinkhoswe litaikidwa, ndinaganiza zoti akuchikazi adziwe kuti akutenga mkamwini wodziwa zinthu. Ndinati ndisonkhanitsa nyimbo zabwino zokhazokha pa kaseti imodzi, anthu akamve kusankha kwanga. Kodi pamenepa pali cholakwika?

Esnati anavomera, koma anandipatsa kaseti ina yakale yomatidwa ndi selotepi. "Nyimbo ya amalume ikhalemo," anatero. "Ukaisiya, usabwere n'komwe."

Amalume akewo anali a Jailosi, mwini mbumba, munthu amene mawu ake ndiwo ankatsegula kapena kutseka ukwati pabanjapo. Ankagwira ntchito ku njanji, koma moyo wawo unali pa banjo. Anali ndi kagulu ka anthu anayi, ndipo anali atajambula nyimbo imodzi yodandaula mkazi amene anakwera sitima ya pamadzi pa Chipoka osabwereranso. Ndinali nditaimvapo kamodzi, ndipo kamodziko kanandikwanira.

Wailesi yojambula ndinabwereka kwa mnzanga Yusufu, telala, amene achimwene ake anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Chingwe cholumikizira mawailesi awiri tinalibe, choncho kujambula kwa nthawi imeneyo kunali koti yoyimba ndi yojambula uziyang'anitse pakamwa ndi pakamwa, imodzi izilira inayo izimvetsera. Linali Lachisanu masana, Yusufu akuthamangira ku mzikiti, ndipo anandilangiza ataima pakhomo.

"Udine mabatani awiriwa pamodzi. Koma wallahi achimwene, chilichonse chimene chalira m'nyumba muno iyi imameza. Nkhuku, mtondo, mwana, zonse."

"Ndamva," ndinatero, ndipo ndinamvadi.

Ndinapirikitsa nkhuku zonse mpaka kuseri kwa mpanda. Ndinapita kwa mayi oyandikana nawo kukawapempha kuti ayambe asiya kusinja. Ndinatseka zenera, pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi thumba. Chilichonse chaphokoso ndinachitulutsa m'nyumbamo, kupatula chimodzi chimene chinakhala pampando n'kudina mabatani. Kodi inu munayamba mwadziwerengerapo nokha m'gulu la phokoso? Ine ndinali ndisanatero.

Nditamaliza sindinaimvetsere. Mabatire anali odula, ndipo amene ndinali nawo ndinali nditawayanika kale padzuwa kawiri kuti abwerere mphamvu. Ndinangoibweza kasetiyo poizungulitsa ndi bolopeni, ndinalemba dzina langa ndi la Esnati pamwamba, n'kuiika m'thumba la jekete.

Loweruka tinafika kwawo kwa Esnati. Anthu anali atadzaza pansi pa mtengo wa mango, akuchimuna mbali iyi, akuchikazi mbali iyo, ndipo pampando wabwino panakhala a tcheyamani a chipani a m'deralo, chifukwa masiku amenewo anthu sankasonkhana iwo palibe. Nkhoswe yanga anali amalume anga a Lufeyo, ndipo tisanalowe anandikokera pambali.

"Lero pakamwa pako ndine. Usayankhule, usaseke, usadzuke. Maso pansi mpaka nkhuku zitasinthana manja."

Mukudziwa mwambo wake: akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, ndipo zikatero ndiye kuti mabanja agwirizana. Anandikhazika pamkeka pafupi ndi Esnati, mutu wowerama. A Jailosi anali atakhala patsogolo pathu, thadzi lili m'khwapa, wailesi ya Yusufu ili pakatebulo pambali pawo, kaseti yanga ili kale m'kati. Amayi akukonza malichero ndi mphatso zina, wina anati tiyikeko nyimbo podikira. A Jailosi anadina batani okha.

Nyimbo yoyamba inali ya gulu lina la mumzinda imene inali itangotuluka kumene. Inayamba bwino, amayi ena anayamba kugwedeza mapewa, ine mumtima ndikuti onani kusankha. Kenako m'wailesimo munatuluka mawu a munthu, omveka bwino kuposa a woyimba.

"Iwe, lowa msanga ndi gitalayo, tikukudikira. Mwaona? Wachedwanso."

Anthu anayang'anana. Gogo wina anafunsa ngati ali muulutsi wa pa wailesi. Ine ndinawazindikira mawuwo nthawi yomweyo, koma ndinadziuza kuti mwina anthu ambiri amayankhula chonchi. Mawuwo anapitiriza kuti woyimbayo akapume kaye, akamwe madzi otentha a mandimu, adzayambirenso mawa. Mlongo wake wa Esnati anandiloza ndi chala, ndipo phwete linayambira kwa akuchikazi mpaka linafika kwa abale anga omwe. Ndinati palibe kanthu, aseke, munthu safa ndi kusekedwa. Ndinali nditaiwala zimene zinali kutsogolo.

Yachiwiri inali rumba ya ku Zaire. Imeneyi ndinali nditaionera pa vidiyo, m'kachipinda kena kuseri kwa sitolo pa Salima, kumene ankaonetsa mobisa chifukwa atsikana ovinawo ankavala mabuluku, zimene kuno kwathu zinali zoletsedwa. Gitala atangolira, mawu anga anabwera ngati a munthu amene wapatsidwa nyama.

"Eee, iyi kungoimva n'kutaya nthawi, iyi ndi yoonera. Mtsikana wa buluku lofiira uja, wa kumanzere. Ndalowamo kanayi chifukwa cha iyeyo. Esnati akanamavina chonchija, chinkhoswe tikanachita chaka chatha."

Esnati sanadzutse mutu, mwambo anausunga. Dzanja lake lokha linayenda pansi pa chitenje n'kunditsina pantchafu, ndipo chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Ndinaba kuyang'ana a tcheyamani kuti ndione ngati andifunsa za kachipindako. Anali akuyang'anitsitsa nsapato zawo. Sakanandifunsa, chifukwa kawiri mwa kanayi kaja iwo anali pa benchi yakutsogolo.

A Lufeyo anayamba kutsokomola mwamphamvu kuti aphimbe mawu anga, koma chifuwa cha munthu wamkulu sichingapikisane ndi wailesi ya ku Joni. Anadzuka n'kuyandikira katebulo. "Mwina tingoizimitsa, tisunge mabatire."

"Isiyeni," anatero a Jailosi, dzanja ali pa wailesi. "Mkamwini akutiyankhula."

Nyimbo yachitatu itayamba, kuseka konse kunatha nthawi yomweyo. Inali nyimbo yotamanda boma, imene sinkasowa pamsonkhano uliwonse, ndipo ndinaiikamo chifukwa kaseti yopanda yoteroyo ikanadzutsa mafunso. Tsopano aliyense anali atamva kuti ine nyimbo sindiisiya idutse osaithira ndemanga. Masiku amenewo munthu ankatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo ena sankabwerera. A tcheyamani anasiya nsapato zawo n'kukhala tsonga. Mayi anga anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Ine ndinafufuza m'mutu monse kuti kodi ndinanenapo chiyani, koma munalibe kanthu. Mantha amenewo sindinawamvepo chiyambire, ndipo sanali anga ndekha, anali a bwalo lonse.

Ndime yoyamba inadutsa, m'wailesi zii. Yachiwiri inadutsa, zii. Nyimbo itatha, mawu anga anamveka mokweza, mwaulemu, ngati ndikuyankhula ndi munthu amene waima kunja kwa zenera.

"Iyi ndiye nyimbo. Palibe pochotsa, palibe powonjezera."

A tcheyamani anaomba m'manja, ndipo bwalo lonse linaomba nawo mopitirira muyeso. Mayi anga anatsegula maso. Zoona zake n'zakuti pa kaseti yonseyo imeneyo ndiyo ndinkadana nayo kwambiri, koma mwana wa nthawi imeneyo ngakhale ali yekha, zenera lotseka, thumba pansi pa chitseko, ankadziwa poyima. Ndinapuma ngati munthu amene wawoloka mtsinje. Ndinaiwala kuti kwatsala nyimbo imodzi.

Banjo inalira. A Jailosi anakonza kolala, anasuntha thadzi kupita kukhwapa linalo, n'kuuza a tcheyamani monyadira kuti, "Iyi ndi yathu." Mawu anga anayamba ndi kuusa moyo kwautali.

"Aaa, yafika ija. Banjo imeneyi waya wake ndikumudziwa, ndi wa mabuleki a njinga, ndipo njinga yake inafa kalekale."

Wina anaseka n'kusandutsa kusekako chifuwa. A Jailosi a m'wailesi anayamba kuyimba, kudandaula mkazi uja amene anakwera sitima, kufunsa nyanja kuti yamupititsa kuti. Ine wa m'wailesi ndinayamba kuyimba nawo mowatsanzira, mawu otulukira m'mphuno, ndikukoka malekezero ngati mbuzi yomangidwa pamsika. Kenako ndinaleka n'kuwalangiza.

"Bambo, mayi ameneyo musamusakenso. Ndikanakhala ine, kumva mawu amenewa m'mawa uliwonse, sitimayo ndikanatsika n'kuikankha ndekha kuti inyamuke msanga."

Batani linadumpha lokha, kaseti yatha. Pabwalo panalibe wotsokomola. Esnati, mutu uli chiweramire, anandinong'oneza mawu amene anandimaliza.

"Si nyimbo chabe. Anali akazi awo oyamba."

Ndinafuna kuti mkeka undikulunge anthu akanditaye kunyanja. Ndinkaona thadzi lili m'khwapa mwa a Jailosi, ndipo ndinadziwa kuti akangodzuka nalo kubwerera kukhola, Esnati ndamutaya chifukwa cha pakamwa panga. Kupepesa sindikanatha, chifukwa mwambo unali utanditseka pakamwa pa tsiku lokhalo limene ndinafunikadi kuyankhula.

Amene anaswa chete anali akazi awo a Jailosi a tsopano, mayi wonenepa amene anali atagwira lichero. Anayesa kudzigwira, mapewa akugwedezeka, kenako analephera, anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. "Ine zaka zonsezi ndakhala ndikunena za nyimbo imeneyi," anatero, "koma amati ndi nsanje."

A Jailosi sanaseke. Sanandiyang'anenso ine, anatembenukira kwa nkhoswe yanga monga mwa mwambo.

"A Lufeyo, poyamba ndimati mwana wanuyu ndi wodwala, pakamwa pake palibe mabuleki, ndipo wodwala sitimuimba mlandu. Koma pa nyimbo yachitatu ija ndamva ndekha kuti mabuleki alipo, ogwira bwino ndithu. Ndiye kuti pofika pa ine anachita kusankha."

A Lufeyo anagwada, munthu wa imvi zake, n'kupepesa m'malo mwanga mpaka mawu anawathera. A Jailosi anawasiya agwade kanthawi ndithu, kenako ananena zofuna zawo. Pa ukwati sipadzalira kaseti iliyonse, adzayimba ndi iwo ndi gulu lawo. Waya watsopano wa banjo adzagula ndi mkamwini, popeza ndiye katswiri wa mawaya. Ndipo mkamwiniyo adzakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi woyimba. A Lufeyo anavomera zonse asanamalize n'komwe kuzimva, ndipo thadzi linasintha manja. Esnati sanandiyankhule milungu iwiri, ndipo atayamba kundiyankhula funso lake loyamba linali lakuti wa buluku lofiirayo amaphika nsomba bwanji.

Pa ukwati a Jailosi anayimba nyimbo ya sitima ija katatu, akundiyang'ana m'maso, ine ndikuomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Atamaliza kachitatu anaika banjo pansi n'kundifunsa pamaso pa anthu onse.

"Bwanji mkamwini, mwaiona bwanji?"

Ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu okhawo amene ndinkadziwa kuti sanandipalamulirepo mlandu. "Amalume, palibe pochotsa, palibe powonjezera."

"Mmm," anatero. "Mawu amenewo ndikudziwa kumene mumawagwiritsa ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzayankhulanso pafupi ndi chinthu chokhala ndi batani. Maganizo pa nyimbo za ana a masiku ano ndi mavidiyo awo ndili nawo, ambiri ndithu, ndipo mukawafuna ndikuuzani. Koma yambani mwatulutsa mafoni onse panja, pamodzi ndi nkhuku.