Ndege Imene Inagwa M'munda wa Kabichi

Lolemba
Pakamwa pangapa! Ndalonjezanso chinthu. A Harold, nkhalamba ya m'chipinda chakumapeto kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Romford, andigwira dzanja ndikuwameta ndevu. Akuti ali mwana, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege ya Ajeremani inagwa m'munda wa kabichi kuseri kwa nyumba yawo. M'mawa mwake anaona nsapato ya woyendetsa ili m'matope. "Ndikufuna ndidziwe dzina lake ndisanafe." Lamulungu ndi tsiku lawo lobadwa. Ine: musadandaule agogo, pa intaneti pali zonse. Zofunika: foni, tchaja, mtima wodekha. Zosavuta!

Lachiwiri
Ndikufufuza ndili m'basi. Mayo ine! Ndege zinkagwa ngati ngumbi. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kulemba zimenezi basi: mtundu wa ndege, nambala ya kumchira, amene anali m'kati. Ambiri anali anyamata, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndapitirira potsikira, ndachedwa shifiti. A Harold akuti inali ndege yosaka zinzake mumdima, yakuda, ya nyanga kumphuno. Misozi, mnzanga wa ku Lusaka: "Iwe, ndeke yamene inagwa kudala uifunila chani? Bwela tinyamule agogo a Doris."

Lachitatu
Ndalowa gulu la pa intaneti la madoda okonda za ndegezi. Ndafunsa mwaulemu. Mayankho:
woyamba akuti ndege zosaka usiku zinkagwera kwambiri kwawo ku Germany komweko, ya kuno iyenera kuti inali yoponya mabomba;
wachiwiri akuti woyambayo sadziwa kanthu;
wachitatu akufuna chaka, mwezi, ndi kumene inaloza mphuno pogwa;
wina wangotumiza chithunzi cha bawuti, popanda mawu.
Pofika madzulo akukangana za mtundu wa penti. Ine andiiwala.

Lachinayi
Ndikufunsa a Harold mwezi wake. "Kunkazizira." Ku England kuno! Malo nawo asuntha: Lolemba kunali ku Hornchurch, lero akuti mwina ku Dagenham. Kabichi uja wasanduka mbatata. Koma pa nthawi yopuma, mwayi! Pa mndandanda wa pa intaneti pali ndege ina imene inagwa chakum'mawa kwa London, dera lathu lomwe lino, ndipo pamzere wa woyendetsa palembedwa: Unbekannt. Ndamupeza! Ndavina m'khitchini mpaka wophika wandithamangitsa. Ndagula khadi ya tsiku lobadwa, ndalembamo ndi bolopeni, zilembo zazikulu: MNYAMATA UJA ANALI BAMBO UNBEKANNT.

Lachisanu
Mtima ukukayika. Bambo Unbekannt akupezekanso kuti anagwera m'nyanja. Kenaka ku Kent. Kenaka ku Holland. Munthu mmodzi kufa ponseponse? Ndikuonetsa mtsikana wa ku Germany amene amabwera kudzawongola miyendo ya okalamba. Akuseka mpaka kukhala pansi. Akuti mawuwo amatanthauza "wosadziwika". Misozi wauza kale shifiti yonse, ndipo tsopano aliyense akundiitana Mayi Unbekannt. Khadi ndaing'amba.

Loweruka
Tsiku langa lopuma, anzanga akuchapa ndi kugona, ine ndili pa ulendo wokaona mundawo. Mwina pali chikwangwani, mwina mwala wachikumbutso. Basi, basi ina, mvula, ambulera yothyoka. Pamalo pamene a Harold ananena pali sitolo yaikulu ndi malo oimika magalimoto. Ndikujambula phula. Mlonda akufunsa chimene ndikufuna. "Ndege ya Ajeremani," ndikutero. Wandiperekeza mpaka pokwerera basi, osandichotsa diso. Ndabwerako ndi chimfine.

Lamulungu
Keke, mabaluni, chipewa chapepala pamutu pa a Harold. Ndilibe dzina, ndilibe mwezi, ngakhale mundawo ndilibe. Alendo atachepa ndikukhala pambali pawo, ndikuwauza zoona: ndalephera, agogo. Ambiri a anyamata amenewo analembedwa kuti osadziwika, ndipo wanuyo mwina ndi mmodzi wa iwo.

Akuyang'ana pawindo. "Ndiye kuti amayi ake nawonso sanauzidwe kumene anagwera. Ine ndinkadziwa malo, iwo ankadziwa dzina."

Tikungokhala, ine ndikumina, iwo chipewa chapendekera kukhutu. Kenaka akuloza mbale: "Keke ina." A nesi analetsa shuga. Ndikuyang'ana kukhomo, kulibe munthu. Ndikuwadulira chachikulu.