Mbatata za mizimu ya ku Neno

Mpaka lero abale a mkazi wanga akandiona ndikusenda mbatata amayamba kutsokomola pobisa phwete. Ndiulule ndekha nkhaniyi anthu ena asanaikometsere.

Kwathu ndi ku Mulanje, ndipo tinakula tikudziwa lamulo la m'phiri: mizimu ikakukonda imakuikira chakudya panjira. Umadya wekha, osatengako, ndipo ukanyamuka sucheuka ngakhale wina akuitane. Boma litanditumiza ku Neno kukagwira ntchito ya katemera, lamulolo ndinapita nalo (nzeru zina ndinazisiya kumudzi).

Kumeneko ndinakonda mtsikana wina, Esinati, ndipo linafika tsiku lokaonekera kwa amalume ake, amene mawu awo ndiwo akanamanga kapena kupasula ukwatiwo. Ankhoswe anga anali atatsogola kale. Ine ndinanyamuka m'mawa, jekete yobwereka pathupi, khadi la chipani m'thumba, m'mimba mulibe kanthu chifukwa cha mantha. Ndinadzera njira yachidule yodutsa paphiri.

Pamwamba panagwa nkhungu ndipo ndinasokera. Njala itafika povuta, ndinangoona pamwala pali mbatata zootcha zinayi, zofunda bwino, manachesi awiri ndi botolo la thobwa. Munthu panalibe. Ndinasangalala kwambiri: ngakhale mizimu ya kuno yauvomereza ukwati wanga. Ndinagwada, kuomba m'manja, n'kuseseratu zonse (sindinadzifunse kuti botololo mizimu inakaligula kusitolo iti).

Ndikunyamuka, kumbuyo kunamveka mawu okalipa akuti ndiime. Ndinati eya, mayeso aja ndi amenewa. Sindinacheuke. Mawuwo atayandikira ndinaliyatsa liwiro, mpaka ndinatulukira m'mudzi mwa Esinati.

Anandilandira bwino, n'kundiuza kuti tidikire pang'ono, amalume apita kuphiri kukaona ming'oma yawo ya njuchi. Apa mbatata zija zinayamba kundilemera. Posakhalitsa anafika amalumewo, bambo wamtali, thukuta lili kamukamu, botolo lopanda kanthu m'manja. Anayang'ana jekete yanga nthawi yaitali.

"Kodi wofuna mwana wathu ndinu? Kumsana ndakudziwani kale, nkhope ndiye ndikuiona kumene."

Ndinaulula zonse, za ku Mulanje, za nkhungu, za kusacheuka. Anthu anaseka mpaka misozi, Esinati anathawira kuseri kwa nkhokwe, ine mumtima ndinati basi, mkazi wapita. Amalume okha sanaseke. Anandiuza kuti mizimu ya ku Neno siphikira munthu, imadikira kuti iwe uipatse. Kenako anapitiriza, akutembenuza botolo lija.

"Ndinakuonani ndili mumtengo. Zaka zonsezi ndadyetsa anthu pamudzi pano, koma palibe anagwadirapo chakudya changa chonchija. Malo omanga nyumba ndikuonetsani mawa."

Ine ndi Esinati takalamba limodzi pamalo pomwepo. Ana athu ndimawalangiza kuti akapeza chakudya m'phiri ayambe ayang'ana m'mitengo. Koma kunena zoona, nditazipezanso lero zili zofunda chomwechija, ndikhoza kugwadanso.