Ndinafuna Kupulumutsa a Namakiyi

Mpaka lero ndikamadutsa pa Songani pali anthu amene amandipatsa moni ndi dzina losakhala langa, ine n'kumangoyang'ana kumsewu ngati ndikudikira minibasi. Nkhaniyi ndi bwino muimve kwa ine mwiniwake, chifukwa oifotokoza kumsika aja amaikometsera ndi mabodza, pamene zoona zake zokha n'zokwanira kale kundichititsa manyazi.

Ine sindikhulupirira munthu. Si nkhanza ayi, ndimangoonera patali. Wogulitsa matemba akandimwetulira, ndimayamba ndafukula pansi pa mulu. Mlendo akayamikira mbuzi zanga, tsiku limenelo zimagona m'khitchini. Ndiye mdzukulu wanga Edesi, amene ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira, atandiuza kuti wapeza mwamuna, sindinafunse za nkhope yake. Ndinafunsa kuti amagwira ntchito yanji.

"Amaonetsa vidiyo pa Songani, agogo. Dzina lawo ndi a Wedisoni."

"Vidiyoyo ndiye munda wake?"

"Ndi bizinesi, agogo."

Zinali zaka zija matipate atangolowa kumene, pamene aliyense wokhala ndi kachipinda ka magetsi ankakhoma masaka m'mawindo n'kumalowetsa anthu masanasana kuti aone azungu akumenyana. Kwathu kuno kwa Malemia mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Ndiye kuti munthu ameneyu amadzamanga nyumba pabwalo panga, moyang'anana ndi nkhokwe yanga. Mwana wanga Kenesi, amene ndi malume ake a Edesi komanso nkhoswe yake, anali atavomera kale (Kenesi amavomera aliyense wovala nsapato zopolishidwa). Tsiku loti ankhoswe akumane linali litapanganidwa. Ndinaona kuti ngati pali munthu woti akafufuze mnyamatayu, ndine.

Kunyumba ndinanena kuti ndikukagula matemba. Nditafika pa Songani ndinadzifunda chitenje kumutu n'kusiya maso okha, poti mayi wa Mvano sayenera kuonedwa akulowa m'malo otere. Ndinalipira pakhomo n'kukakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni.

Mkatimo munali mdima, fungo la thukuta ndi la zitumbuwa. Kutsogolo kunali bokosi lagalasi, pansi pake kamakina kolowetsamo tepi kamene ankati deki, ndipo pambali panaima mnyamata wamtali wa malaya oyera. Ameneyo ndiye anali Wedisoni. Azungu a m'bokosimo akalankhula, iye ankatiuza m'Chichewa zimene anena.

Sinali nkhani yotha tsiku limodzi. Sabata iliyonse inali ndi tepi yake, ndipo ankaibwereza mpaka yotsatira ifike. Dziko lake linali lozizira, anthu ake ovala zikopa, mfumu yamano okongola koma yopanda nzeru, ndiponso chinjoka chamapiko cholavula moto chimene chinkagona m'phiri (Napolo wa kwawoko, kungoti wathuyu amabwera ndi madzi, zimene n'zaulemuko pang'ono). Musandiyese mbuli. Masewero ndinkawamvera pa wailesi, ndipo ndinkadziwa kuti ofera pa wailesi amadzuka n'kupita kukadya kwawo. Koma apa ndinkaona ndi maso anga. Munthu akabayidwa magazi ankatuluka, ndipo palibe amene ankaoneka kuti akubisa kuseka.

Mwa anthu onse a m'bokosimo, wanzeru anali mmodzi yekha: mayi wokalamba wosunga makiyi a nyumba ya mfumu. Oonera anawapatsa dzina loti a Namakiyi. Mayi ameneyu ankanunkhiza chikho chilichonse mfumu isanamwe, ankasuzumira kuseri kwa zitseko, ndipo mlendo akawapatsa moni ankamuyang'ana manja osati nkhope. Ndinawakonda pomwepo. Ndinati mumtima, tikanakhala mudzi umodzi ndi mayiwa bwenzi tikubwerekana mchere (poyeza, n'zoona).

Ndinapita kukafufuza tsiku limodzi. Ndinapitanso sabata yotsatira, poti kufufuza sikutha msanga. Kunyumba matemba anachuluka mpaka Edesi anandifunsa ngati ndayamba geni.

Tsiku lina tepi ili pafupi kutha, Wedisoni analoza msilikali wina wandevu n'kunena kuti, "Uyu muoneretu. Sabata yamawa afa. Agwa pa hatchi n'kumira mumtsinje."

Munthuyo anali wonenepa bwino, wosatsokomola n'komwe. Sabata yotsatira anagwa pa hatchi n'kumira. Mumtsinje momwemo. Anthu anamuombera m'manja Wedisoni. Ine sindinaombe. Kumudzi kuno munthu akanena kuti uje afa, ujeyo n'kufadi monga mmene ananenera, sitiomba m'manja. Timaitana akuluakulu.

Ndinapirira kuti ndione ngati zinangochitika mwangozi. Wedisoni ananena kuti mchimwene wake wa mfumu achita khungu. Anachita khungu. Kenako tsiku lina, akupukuta galasi ndi kansalu, ananena akuseka, "A Namakiyi nawonso ulendo wawo wayandikira. Tepi ikubwerayi salimba."

Madzulo amenewo chakudya chinandikanika. Zinthu ziwiri zinkandivuta. Choyamba, munthu wopha ndi pakamwa anali pafupi kudzamanga pabwalo panga n'kutenga mwana amene ndinamulera. Chachiwiri, a Namakiyi sankadziwa kanthu.

M'mawa mwake ndinabwerera. Ulendo uno ndinakhala kutsogolo, mphuno pafupi ndi galasi. Ndinadikira mpaka mayiwo atatembenukira kumene ndinali, n'kuwanong'oneza kuti, "Mayi, chenjerani, akupanganirani." Anandiyang'ana ndithu, kenako anatembenuka n'kukhoma chitseko. Sindinakhumudwe. Inenso munthu wosamudziwa, wodzifunda kumutu, atabwera kudzandinong'oneza, sindingamuyankhe.

Tsiku la ankhoswe linafika tepi yoopsayo isanaonetsedwe. Kenesi anakhala pakhonde ndi amalume ake a Wedisoni, bambo ofatsa ovala jekete ndi chipewa. Wedisoniyo, amene anawakweza amalume akewo pa njinga, anakhala potero pansi pa mtengo wa mango monga mwa mwambo. Ine malo anga anali kuseri, kusenda nandolo ndi makutu otsegula. Nditamva kuti zonse zikungoyenda myaa, ndinatulukira.

"Ndili ndi mawu."

"Amayi, pano ndi pa ankhoswe," anatero Kenesi.

"Ndikudziwa pamene ndili. Muitaneni mwiniwakeyo."

Wedisoni anabwera n'kunjuta patsogolo panga.

"Bambo," ndinatero, "kodi si inu munanena kuti wandevu uja afa?"

"Ndine, agogo."

"Anafa?"

"Anafa, agogo."

"Mwamva nonse."

Amalume aja anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Pepani, ife uthenga sunatipeze. Maliro ake anali kuti?"

"Palibe maliro, amalume," anatero Wedisoni. Kenako anatembenukira kwa ine. "Agogo, nkhani ija inachokera m'mabuku. Mzungu wina analemba mabuku angapo otsatizana, anthu ena n'kutenga nkhaniyo kuisewera. Mabukuwo ndinabwereka kwa aphunzitsi ena ku Domasi, ndinawerenga onse. N'chifukwa chake ndimadziwiratu."

"Ndiye kuti muli ndi mabuku olembamo anthu oti afe."

"Si anga, agogo, ndinangobwereka."

"Ndiye kuti mulipo awiri."

Kenesi anagwira mutu. "Amayi, inu zonsezi mwazidziwa bwanji?"

Ndisanapeze bodza labwino, Wedisoni anandiyankhira mwaulemu wake wonse. "Agogo ndi kasitomala wathu wokhulupirika. Kapilo ka pa benchi yakumbuyo kaja ndinaikira iwo, chifukwa cha msana."

(Kapiloko ndinkakaona. Ndinkaganiza kuti wina amakaiwala sabata iliyonse pamalo amodzimodzi, ndipo ndinkamumvera chisoni.)

"Amayi," anatero Kenesi pang'onopang'ono, "matemba onse aja?"

Ndinangokonza chitenje changa. Mwana safunsa mayi ake za matemba pamaso pa alendo.

Wedisoni anati njira yabwino n'kupita tonse ku Songani kuti akandionetse ndi maso. Choncho msonkhano wa ankhoswe unanyamuka. Amalume a jekete kutsogolo, Kenesi pakati, ine pambuyo kuti ndizionetsetsa onse. Anthu a pamsika atationa tikulowa m'nyumba ya vidiyo ndi nkhope zozizira, anasiya malonda n'kudzadzaza pakhomo.

Mnyamatayo anatenga tepi yakale n'kuiika mu deki. Taonani wandevu uja, wamoyo, ali pa hatchi yake, akutafuna nyama.

"Mwaona, agogo? Ali bwinobwino."

Anakanikiza batani, munthuyo anathamanga ngati wamisala mpaka kugwera mumtsinje. Anakanikizanso lina, madzi anamulavula, anauluka chobwerera n'kukakhala pa hatchi, zovala zouma. Anachita zimenezi kangapo, uku akumwetulira, poganiza kuti akundikhazika mtima pansi.

Ine ndinabwerera m'mbuyo, kutali ndi bokosilo. Kupha ndi pakamwa ndinkati ndiye mapeto, osadziwa kuti amadzutsanso. Ndipo munthu wakufa akadzutsidwa kuti azigwirira mnzake ntchito yobweretsa ndalama, dzina lake kuno timalidziwa tonse.

"Ndondocha," ndinatero. "Kenesi, mwana wa mlongo wako ukumupereka kwa munthu wosunga ndondocha m'katoni."

Ndinayang'ana amalume aja kuti mwina manyazi awagwira. Iwo anali atakhala pa benchi, pakamwa pali yasa. "Wedisoni, nanga chinjokacho chimadya chiyani?" anafunsa.

Ndinaona kuti ndatsala ndekha. Ndinaganiza mofulumira. Ukwatiwu kuuletsa kunali kovuta, chifukwa Edesi ankamukonda munthuyu ndipo ankhoswe onse awiri anali atagwa kale. Koma ndikanatha kumuyesa. Ngati ali ndi mtima wa umunthu, asiye moyo wa munthu mmodzi pamene ndamupempha.

"Bambo, Edesi mum'kwatira ngati a Namakiyi sakufa."

"Agogo, sindingasinthe. Zinajambulidwa kale, kunja."

"Ndiye mundipatse tepi imene akuferamoyo. Ikakhala kwa ine palibe chingawachitikire."

Pakhomo panamveka kung'ung'udza. Telala wina, tepi yoyezera ili m'khosi, anati, "Agogo, ife tatsatira nkhaniyi kuchokera poyamba. Tiimve kwa ndani?"

"Mukufuna kuonerera nkhalamba ikufa? Mulibe amayi kwanu?"

Telala uja anayamba kupinda tepi yake yoyezera. Wedisoni anayang'ana Kenesi, anayang'ana khamu lija, kenako anapita pa katoni yake. Anafufuza kanthawi, anatulutsa tepi, anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri. Ankhoswe anagwirizana za ukwati pomwepo, m'nyumba ya vidiyo, chinjoka chikulavula moto kumbuyo kwawo. Dzina loti a Namakiyi linandimamatira kuyambira tsiku limenelo.

Tepiyo ndinaikulunga m'kansalu n'kuiika m'sutikesi, pansi pa yunifolomu ya Mvano, pamene choipa sichingafike. Ku vidiyo ndinasiya kupita, poti ntchito yanga inali itatha. Ukwati unachitika kutchalitchi, Wedisoni anamanga nyumba yake, ndipo ndinadabwa kuona kuti khasu amalidziwa. Ndinayamba ngakhale kumuitana kuti amuna anga, monga timasekera ndi amuna a adzukulu athu.

Patapita miyezi, ndili pamzere kuchigayo, ndinamva amayi awiri patsogolo panga akucheza.

"Koma imfa ya a Namakiyi ija mpaka pano imandiwawa."

"Musanene. Kununkhiza zikho za anthu onse, chawo chokha osanunkhiza."

Ndinawagwira paphewa. "Amwalira liti?"

"Kalekale, agogo. Sabata yomwe ija munabwera ndi ankhoswe."

Chimanga ndinachisiya pamzere pomwepo. Ndinakafika kunyumba, ndinatsegula sutikesi, n'kukamupeza Wedisoni akukonza njinga.

"Amuna anga, muli chiyani umu?"

Anayang'ana pansi. "Mpira, agogo."

"Mpira."

"Koma inali yowonongeka kale, sinkaonetsa bwino. Agogo, ndikanapanda kuonetsa inayo makasitomala akanandithyolera chitseko."

Edesi, mkazi mnzanga, anali pakhomo ndi pathupi pake, akuseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinaima ndi tepi m'manja. Miyezi yonseyo ndinkagona mwamtendere, ndikulondera anyamata othamangitsa chikopa, pamene mnzanga anapita popanda ine kudziwa.

Maliro ukawaphonya umapitabe kukapepesa. M'mawa mwake ndinavala bwino, ndinapita ku Songani nkhope ili poyera, n'kumuuza Wedisoni kuti aike tepi yeniyeniyo anthu asanabwere. Ndinakhala kutsogolo. Ndinaona mayiwo atatopa, akukhala pansi, akutenga chikho chawo n'kumwa osayang'anamo. Makiyi anagwa. Sindibisa, misozi inatsika.

"Bwezani," ndinatero.

"Agogo?"

"Bwezani mpaka pamene ali moyo."

Anabweza. Makiyi anadumpha kuchoka pansi n'kubwerera m'chiuno, mayiwo anadzuka, chikho chinabwerera patebulo. Atafika poti aima pakhomo, ali chilili, akuyang'ana uku ndi uku, ndinati azimitse pomwepo. Tepiyo ndinaisolola ndekha mu deki. Sindinalole kuti idutse m'manja mwa munthu, kaya dzanja limodzi kaya awiri.

Ana anga amati pamenepa ndinaphunzira kuti za m'vidiyo n'zongosewera. Mwina. Tepiyo ikadali m'sutikesi, pamalo pamene tinaimitsira, ndipo Kenesi akabwera amakonda kundiseka kuti mayi wa Mvano wathunthu akusunga ndondocha. Ndimamuuza kuti kusiyana kulipo. Mayiwo ine sindiwagwiritsa ntchito, akungopuma.